Kupaka inokulanti pa mbewu ya soya, ndi kudziwa ngati wagwira ntchito

Pitani m'munda wa mtedza kapena wa soya nthawi imene mbewu yayamba maluwa, mufukule phata limodzi ndi khasu, musase dothi pang'onopang'ono. Ku mizu mupezako timibulu tomata, tina ngati njere za mapira, tina tokula kufika pa njere ya nandolo. Ndamvapo alimi akuti amenewo ndi matenda, ena akuti ndi mazira a tizilombo. Si matenda ayi. M'timibulumo mumakhala mabakiteriya otchedwa rhizobia, ndipo ntchito imene amagwira ndi yomwe ija timaithira ndalama zankhaninkhani tikamagula thumba la urea.

Mpweya watizingawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, chakudya chomwe chimanga chikachisowa masamba amachita chikasu. Koma chomera sichingamumwe momwe alili mumpweyamo. Mabakiteriyawa ndiwo amatha kumugwira n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Pa soya ndi nyemba amalowera m'timaubweya ta ku mizu, chomera n'kuwamangira kanyumba, komwe ndi kambulu kaja. Chomera chimawadyetsa shuga amene masamba amapanga padzuwa, iwo n'kumabweza nayitirojeni. Akatswiri awiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, ndiwo anaonetsa m'chaka cha 1886 kuti mbewu za gulu la nyemba zimapeza nayitirojeni kudzera m'timibuluti, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anakwanitsa kuwapatula mabakiteriyawo n'kuwaweta paokha. Agogo athu omwe ankabzala khobwe ndi nzama pakati pa chimanga sankadziwa mayina amenewa, koma ankaona ndi maso kuti pomwe panali mtedza chaka chatha chimanga chimabiriwira.

Inokulanti ndi mabakiteriya omwewa, owetedwa ndi akatswiri n'kuikidwa m'kapaketi pamodzi ndi ufa wakuda wachinyontho woti azikhalamo. Ambiri amamutcha mankhwala, ena feteleza wa soya. Mayina awiri onsewa ndi amene amasokoneza anthu. Feteleza mukhoza kumusiya pakhonde sabata yathunthu osasintha kanthu. Inokulanti ndi zamoyo. Zimafa ndi dzuwa, zimafa ndi kutentha, zimafa zikauma. Malangizo onse otsatirawa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Choyamba, onani ngati mbewu yanu ikumufuna

Si bakiteriya aliyense amagwirizana ndi mbewu iliyonse. Mtedza, khobwe, nzama ndi nandolo sizisankha kwambiri: zimagwirizana ndi mitundu yambiri ya rhizobia yomwe ili kale m'nthaka yathu, n'chifukwa chake zimachita timibulu popanda kuzipaka kanthu. Soya ndi wina. Kwawo ndi ku China, ndipo mnzake weniweni, Bradyrhizobium japonicum, si wachibadwidwe m'minda yathu. Mukabzala soya m'munda umene sunalimidwepo soya, mizu ikhoza kufunafuna nyengo yonse osapeza woyenera kumulandira. Mbewuyo imamera ndithu, koma imakhala yofupika, masamba otuwa, makoko ochepa.

Pali mitundu ina ya soya, monga Tikolore, yomwe bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA linaipanga dala kuti izigwirizana ndi mabakiteriya a m'nthaka ya mu Africa. Izi zachititsa ena kunena kuti Tikolore safuna inokulanti. Ine ndimati mupakenibe. Mabakiteriya a m'munda mwanu simunawawerenge, simukudziwa ngati alimo ochuluka kapena ngati ali olimbikira ntchito, pamene mtengo wa kapaketi ndi wochepa kwambiri mukauyerekeza ndi wa thumba la feteleza. Mitundu monga Makwacha, Nasoko ndi Serenade, imeneyo musaganizenso kawiri.

Ngati munda ndi watsopano ku soya, kapena papita zaka zingapo chilimireni soya pamenepo, kapena nthaka yake ndi yamchenga yomwe imatentha kwambiri m'chilimwe, pakani. Ndipo pakani wa soya. Kapaketi kolembedwa nyemba ndi ka nyemba, ka mtedza ndi ka mtedza. Kusinthanitsa n'kutaya ndalama.

Za nyemba ndinenepo pang'ono, chifukwa ena amakhumudwa nazo. Mwa mbewu zonse za gulu limeneli, nyemba ndi zomwe zimagwira nayitirojeni wochepa. Zimakhwima msanga, mizu yake ndi yosazama. Inokulanti amazithandiza, koma musayembekezere kuti zichite ngati soya kapena nandolo.

Konzani munda woti mabakiteriya akhalemo

Timibulu timapuma. Munda wodikha madzi, monga m'mbali mwa dambo, umatsamwitsa mizu ndipo timibulu timawola. Sankhani malo otaya madzi bwino, ndipo mizere ikhale yotukuka ndithu.

Nthaka ya asidi wambiri nayo siwakomera. Minda yambiri ya katondo yomwe yalimidwa chimanga ndi feteleza zaka ndi zaka osapumula imakhala yotere. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuthandizeni kuyezetsa dothi, ndipo ngati lapezeka ndi asidi wochuluka, laimu wa m'munda amathiridwa kusanagwe mvula kuti ayambe kusungunuka. Manyowa owola bwino amathandizanso, chifukwa amasunga chinyontho ndi kuziziritsa nthaka.

Tsopano nkhani ya feteleza, pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa chofunira mbewu zabwino. Musathire urea kapena CAN mu soya. Chomera chikapeza nayitirojeni waulere m'dothi, sichionanso chifukwa chodyetsera mabakiteriya shuga wake. Chimachepetsa kumanga timibulu, ndipo tomwe tamangidwa kale timafooka. Mapeto ake mwagula feteleza kuti agwire ntchito yomwe ikanagwiridwa popanda ndalama, ndiponso mwapha ntchito ya kapaketi komwe munagula kaja.

Chimene soya amachifunitsitsa ndi fosifolasi. Ntchito yogwira nayitirojeni imadya mphamvu zambiri, ndipo mphamvu zimenezo m'chomera zimayenda ndi fosifolasi. Munda wosowa fosifolasi ngakhale mupake inokulanti wabwino chotani, timibulu timakhala tochepa ndiponso tating'ono. Ngati mungapeze feteleza wa fosifolasi yekha monga TSP kapena single superphosphate, kapena wopangidwira mbewu za gulu la nyemba, ameneyo ndiye woyenera. Wokulitsa chimanga uja wa 23:10:5+6S+1.0Zn ali ndi nayitirojeni wambiri kuposa fosifolasi, choncho ngati ndi yekhayo amene muli naye, akhale wochepa, wa pobzala pokha. Feteleza aliyense asakhudzane ndi mbewu yopaka. Lembani kangalande kake pambali, kapena mumukwirire kaye ndi dothi musanaponye mbewu, chifukwa mchere wake umawotcha mabakiteriya.

Kugula ndi kusunga

Kale inokulanti ankapezeka makamaka ku malo a kafukufuku a Chitedze, kunja kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo alimi akutali sankamuona n'komwe. Masiku ano amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zaulimi, ndipo dzina lodziwika kwambiri ndi Nitrofix, wopangidwa m'dziko momwe muno ndi kampani ya Agro-Input Suppliers Limited.

Musanalipire, kapaketiko katembenuzeni. Onani mbewu yomwe yalembedwapo. Onani tsiku lothera ntchito. Onani ngati sikanabooke. Kenako yang'anani pomwe wogulitsayo amasunga katundu wake. Mapaketi oyalidwa pathebulo panja padzuwa la Novembala, kapena opachikidwa pafupi ndi malata, asiyeni, ngakhale tsiku lake likhale lisanakwane. Ufa wake umaoneka chimodzimodzi kaya mabakiteriya ali moyo kaya anafa kale, ndiye maso sangakuuzeni. Chomwe mungadalire ndi kasungidwe.

Ulendo wobwerera kunyumba nawo umapha. Musakaike pa injini ya minibasi, musakamange pakaliyala wa njinga m'jumbo yakuda dzuwa lili paliwombo. Kakulungeni m'chitenje, kakhale pakati pa katundu wina. Kunyumba, ngati muli ndi firiji kaikeni m'munsi mozizira chabe, osati mouma madzi muja. Ngati mulibe, mtsuko wadothi woikidwa pakona yozizira ya nyumba umakwanira, makamaka mukaukhazika pamchenga wonyowa. Kakhale kutali ndi moto, palafini ndi mankhwala ophera anankafumbwe. Musakatsegule kufikira tsiku lobzala, ndipo ndi bwino kugula patatsala masabata ochepa kuti mvula yobzalira igwe kusiyana n'kusunga miyezi.

Mbewu nayo iyeseni. Soya amataya mphamvu yomera msanga kuposa chimanga, makamaka akasungidwa potentha kapena akamenyedwa kwambiri popuntha. Werengani njere 100, muzibzale pamchenga wonyowa, muwerenge zomera pakatha sabata. Zikamera zosakwana 70, pezani mbewu ina. Inokulanti sangadzutse njere yakufa.

Kapakidwe kake

Konzekerani zinthu izi usiku wake: beseni lalikulu loyera lomwe simunasungunuliremo mankhwala kapena sopo, botolo la zakumwa la mamililita 300, supuni yaikulu, shuga, madzi abwino, ndi chiguduli choyera kapena mphasa yoyanikapo. Ntchito yonse ichitikire pamthunzi, m'mawa, tsiku lomwe mukubzala. Pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa munda ndi malo abwino kuposa kunyumba, chifukwa mbewu siyenda mtunda wautali padzuwa.

Yambani n'kuwerenga pa paketi kuti ndi ka makilogalamu angati a mbewu. Makampani amasiyana kakulidwe ka mapaketi, ndiye muyezo wodalirika ndi wolembedwapowo. Mukapyola pang'ono palibe choopsa, inokulanti sawotcha mbewu. Choopsa ndi kuperewera, monga kugawa kapaketi kamodzi pa mbewu ya mapaketi atatu pofuna kupulumutsa ndalama.

Yezani mbewu muithire m'beseni. Tiyerekeze kuti ndi makilogalamu 15.

Dzazani botolo lija ndi madzi, muthiremo masupuni awiri a shuga, mukhutchumule mpaka shuga asungunuke. Madzi a shugawa ntchito yake ndi kumata ufa pa njere. Madziwo akhale ozizira kapena ofunda pang'ono chabe, osati otentha. Ndipo samalani: madzi othiridwa klorini kapena WaterGuard anapangidwira kupha mabakiteriya, ndiye sasankha kuti awa ndi a kolera awa ndi a soya. Tungani a pamjigo kapena a mvula. Ngati muli ndi a pampopi okha, aphitseni dzulo lake muwasiye azizire.

Wazani madziwo pa mbewu pang'onopang'ono uku mukutembenuza ndi manja. Cholinga n'choti njere iliyonse inyowe kunja kokha n'kuyamba kunyezimira, osati kuti madzi adikhe pansi pa beseni. Khungu la soya ndi lopyapyala. Likamwa madzi ambiri limakwinyika n'kusupuka, ndipo njere yosupuka simera bwino. Mukaona kuti njere zonse zanyowa madzi asanathe m'botolo, lekerani pomwepo.

Tsopano tsegulani kapaketi. Ngati ufawo waumbana, ufikiseni ndi zala. Uwazeni pamwamba pa mbewu, mutembenuze modekha kuchokera pansi kupita pamwamba, monga muchitira posakaniza mbewu ndi phulusa. Musagwiritse ntchito mthiko kapena fosholo, mungaswe njere. Pitirizani mpaka njere iliyonse ichite mawanga akuda ndipo pansi pa beseni pasatsale ufa. Ena amathira zonse m'thumba la pulasitiki lolimba, kulilowetsa mpweya, kumanga kukamwa n'kumaligubuduza pang'onopang'ono. Njira imeneyinso ndi yabwino pa mbewu yochepa.

Yalani mbewuyo pachiguduli pamthunzi kwa kanthawi kochepa, kongokwanira kuti njere zisamamatirane m'manja. Musaiyanike padzuwa ngati mphale. Kuwala kwa dzuwa kumapha mabakiteriya ali pa njere, ndipo apa ndi pomwe ntchito ya alimi ambiri imathera asanafike n'komwe pamzere.

Pakani mbewu yokwana kubzala m'maola ochepa okha. Ngati munda ndi waukulu ndipo obzala ndi ochepa, pakani ya m'mawa payokha, ya madzulo payokha. Mbewu yopaka ikagona, mabakiteriya ambiri amakhala atafa pofika mawa, ndipo imafunika kupakanso. Kapaketi kotsegula kamangeni zolimba, kabwezereni mumtsuko, kathe m'masiku ochepa.

Pali funso la mbewu yogula yomwe imabwera yopakidwa kale mankhwala ofiira kapena obiriwira oteteza ku matenda. Ena mwa mankhwala amenewa amafooketsa mabakiteriya akakhala nawo nthawi yaitali. Musaitsuke mbewuyo. Ingopakani inokulanti wochulukirapo, ndipo nthawi ya pakati pa kupaka ndi kukwirira ikhale yaifupi kwambiri. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja chifukwa cha mankhwalawo, musambe bwino mukamaliza, ndipo mbewu yotsala isadyedwe kapena kupatsidwa nkhuku.

Kubzala

Bzalani m'dothi lonyowa, mvula yobzalira itagwa yokwanira. Chimanga ena amabzala chouma kudikira mvula. Ndi soya wopaka zimenezo n'zosatheka, chifukwa dothi louma lotentha limapha mabakiteriya m'masiku owerengeka mzu usanatuluke.

Pa mizere yotalikirana masentimita 75, phwatalitsani pamwamba pa mzere, mulembe tingalande tiwiri totalikirana masentimita 30. Ponyani njere imodziimodzi pa masentimita 5 alionse, kuya kwake masentimita 2 kapena 3. Pa hekitala pamalowa mbewu yapakati pa makilogalamu 60 ndi 80 malinga ndi kukula kwa njere. Soya wobzalidwa mothithikana chonchi amatseka nthaka msanga, udzu umavutika, ndipo pansi pamakhala pozizira, zomwe timibulu timakonda.

Wolemba ngalande, woponya ndi wokwirira aziyenda motsatana. Musaponye mizere khumi kuti mudzakwirire pamapeto. Mbewu yomwe ikudikira ikhale m'chidebe chovundikira ndi nsalu, pamthunzi.

Pempho langa lalikulu ndi ili: siyani mizere itatu kapena inayi yobzala mbewu yosapaka, muikepo zikhomo. Ibzaleni poyambirira, manja ndi chidebe zisanakhudze inokulanti, ndipo ikhale kumtunda kwa munda kuti madzi oyenda asaibweretsere mabakiteriya a m'mizere inayo. Mizere imeneyi ndi imene idzakuuzeni ngati ndalama yanu yagwira ntchito m'munda wanuwo, osati m'munda wachionetsero wa wina.

Palirani msanga, kawiri m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira. Udzu ukaphimba soya, masamba sapanga shuga wokwanira, ndipo oyamba kumanidwa chakudya ndi mabakiteriya. Khasu lisazame pafupi ndi phata, timibulu tambiri tili m'mwamba momwemo.

M'masabata awiri kapena atatu oyamba, soya akhoza kuoneka wotuwirako. Chakudya cha m'njere chatha, ndipo timibulu tangoyamba kumangidwa. Apa mtima umathamangira ku urea. Dikirani. Ngati zonse zili bwino, masamba amadera okha pakapita masiku ochepa.

Fukulani muone

Gawo ili ndi limene ambiri sachita, chikhalirecho ndi lomwe limaphunzitsa mlimi zambiri kuposa ena onse. Nthawi yake ndi pamene soya wayamba maluwa, pafupifupi masabata 5 mpaka 7 chibzalireni, tsiku lomwe dothi lili lofewa.

Musazule ndi dzanja. Timibulu timathothoka n'kutsalira m'dothi, inu n'kuganiza kuti mulibe. Kumbani ndi khasu mozungulira phata, motalikira ngati chikhatho chimodzi mbali zonse, munyamule ndi dothi lake lomwe. Liviikeni m'ndowa ya madzi, dothi lisungunuke lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani mapata asanu kapena khumi m'malo osiyanasiyana a munda, ndi enanso a m'mizere yosapaka ija, muwayale pambali.

Yambani mwaona pomwe timibulu tili. Tikaunjikana pa mzu waukulu wapakati, pafupi ndi pomwe panali njere, n'chizindikiro chakuti mabakiteriya omwe munapaka ndiwo analowa msanga. Tikakhala tochepa, tomwazikana kunsonga za mizu yam'mbali, kawirikawiri amakhala mabakiteriya a m'nthaka omwe mizu inakumana nawo mochedwa.

Kenako dulani tingapo pakati ndi lezala kapena chikhadabo, muone mtundu wa m'kati. Kofiirira ngati nyama yaiwisi ndi kamoyo, kakugwira ntchito. Kufiirako kumachokera ku leghaemoglobin, chinthu chofanana ndi chomwe chimafiiritsa magazi athu. Chida chomwe mabakiteriya amagwirira nayitirojeni, nitrogenase, chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni, pamene mabakiteriyawo amafunabe okosijeni kuti apume. Leghaemoglobin ndiye amagwira okosijeniyo n'kumawapatsira pang'onopang'ono, wokwanira kupuma koma wosafika powononga chida. Nthawi zonse ndikadula kambulu n'kuona kufiirako ndimachita chidwi, kuti kanthu kochepa ngati njere ya mapira kakuchita mwakachetechete zomwe fakitale ya feteleza imachita ndi moto waukulu ndi makina.

Koyera m'kati, ngati mbewu ikadali yaing'ono, n'kosakhwima chabe, bwerani mudzaonenso pakatha sabata. Koma tikakhala toyera kapena totuwa nthawi ya maluwa, ndiye kuti muli mabakiteriya ongodya osabweza kanthu. Kobiriwira kapena kakuda kofewa n'kokalamba kapena kakufa. Zimenezi n'zoyenera makoko akamakhwima, koma zikachitika pa maluwa, funsani ngati munda unadikha madzi kapena ngati kunali ng'amba.

Musasokoneze timibulu ndi zotupa zobwera ndi tinyongolotsi tating'onoting'ono ta m'mizu (nematodes), tija timavuta fodya ndi tomato. Kambulu ka rhizobia kamamata pambali pa mzu, ndipo mukakakankha ndi chala kamathothoka mzu n'kutsala wosalala. Chotupa cha tinyongolotsi ndi mzu weniweniwo wofufuma, sichichoka popanda kuthyola mzu, ndipo m'kati mwake simufiira. Alimi obzala soya pomwe panali fodya ayang'anitsitse zimenezi.

Nanga mukapeza kuti mulibe timibulu? Bwererani m'mbuyo ndi mafunso. Kapaketi kanasungidwa pati? Madzi anali a klorini? Mbewu inakhala padzuwa? Munabzala pouma? Munathira urea, kapena munda unali ndi manyowa a nkhuku ochuluka? Ngati masamba ali obiriwira bwino koma timibulu n'tochepa, nthaka yanu ili kale ndi nayitirojeni wambiri, palibe chodandaula. Ngati masamba ndi achikasu ndipo mizu ili mbee, pokhapo ndi pomwe feteleza wa nayitirojeni angapulumutseko zokolola za chaka chimenecho. Ngati timibulu tilipo tofiira koma mbewu ndi yopinimbira, kaikirani fosifolasi kapena asidi, muyezetse dothi nyengo ina isanafike. Ndipo ngati mizere yopaka ndi yosapaka ikufanana, yonse ndi timibulu tofiira, ndiye kuti munda wanu uli kale ndi mabakiteriya abwino.

Mukakolola, chonde chisapite ndi moto

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa pali mawu omwe amanenedwa mopyola muyezo, akuti mukalima soya chaka chamawa chimanga sichifunanso feteleza. Nayitirojeni wambiri amene soya wagwira amathera m'njere, n'chifukwa chake soya ali ndi zomanga thupi zochuluka, ndipo njerezo mumapita nazo kumsika. Chotsalira m'munda ndi cha m'mizu, timibulu, masamba oyoyoka ndi mapesi. Tsono chizolowezi chathu chozula soya ndi mizu yomwe, kukapunthira kunyumba, n'kutentha zinyalala pabwalo, chimachotsa ngakhale chotsalacho.

Mwetani ndi chikwakwa m'munsi, mizu itsale m'nthaka. Mukapuntha, mapesi ndi makoko zibwerere kumunda, kapena zilowe m'dzenje la kompositi, kapena zidyedwe ndi ziweto manyowa ake n'kubwerera kumunda komweko. Masangwi a mtedza chimodzimodzi. Moto ukadutsa, nayitirojeni amabwerera mumpweya momwe anachokera, phulusa lotsalalo mulibe.

Chaka chotsatira bzalanipo chimanga. Chimapindula ndi nayitirojeni wotsalayo, komanso ndi kuchepa kwa matenda ndi kaufiti, popeza kaufiti wa chimanga sayamwa mizu ya soya. Feteleza muthirebe, makamaka wobereketsa, koma mukhoza kuyesa kuchepetsa pa mizere ingapo kuti muone pomwe munda wanu ukulekezera. Soya asabwerere pamalo omwewo zaka zotsatizana, chiwawu cha masamba ndi matenda ena zimachulukana.

Amene cholinga chawo chachikulu ndi kubwezeretsa chonde m'munda woguga aganizirenso nandolo. Amakhala m'munda miyezi yambiri, mizu yake imazama, ndipo amayoyola masamba ochuluka omwe amawolera pomwepo. Alimi a ku Ekwendeni m'boma la Mzimba ndi madera ena akhala akuphatikiza nandolo ndi mtedza kapena soya m'munda umodzi: mbewu yaifupiyo imakula n'kukololedwa nandolo akadali kukula pang'onopang'ono, kenako iye n'kutsala yekha mpaka m'chilimwe. Chofunika n'kuteteza mundawo ku mbuzi ndi moto wolusa mpaka nandolo atakololedwa, ndipo masamba oyoyokawo akwiriridwe pokonza mizere ya chimanga.

Mabakiteriya omwe munapaka ena amatsala m'nthaka kudikira soya wina, koma chiwerengero chawo chimatsika m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka pamchenga ndi pomwe palibe chophimba nthaka. Lembani m'kope zomwe munaona pa mizu chaka chino, dzina la inokulanti, komwe munagula, ndi matumba omwe anatuluka m'mizere yopaka poyerekeza ndi yosapaka ya utali wofanana. Soya akadzabwerera pamalopo patapita zaka ziwiri kapena zitatu, gulani kapaketi katsopano, musiyenso mizere itatu ya zikhomo kumtunda kwa munda.